MKAKA WA M'MABERE UKACEPA

Phunziro la amai oyamwitsa ndi onse a pabanja pao

M'midzi yambiri mumamveka dandaulo limodzi la amai oyamwitsa, lakuti, "Mkaka wanga wacepa, mwana sakhuta." Mau amenewa akangomveka, agogo afulumira kutereka phala la madzi-madzi, ndipo atate ayamba kulingalira za kugulitsa nkhuku kuti akagule mkaka wa m'citini. Onsewo acita zimenezi mwa cikondi, koma kawiri-kawiri thandizo laolo ndilo limene liumitsa bere, ndipo khanda limene linali lonenepa liyamba kutsegula m'mimba ndi kuonda. Cifukwa cace nkofunika kuti mai, pamodzi ndi onse okhala naye, adziwe umo mkaka upangidwira, zimene ziucepetsa, ndi njira ya kuuculukitsanso.

1. Umo mkaka upangidwira

Anthu ambiri ayesa kuti bere liri ngati mtsuko, umene madzi ace amatha akatungidwa. Koma bere lifanana ndi kacitsime kofukula mumcenga wa mtsinje pa cilimwe: munthu akatunga nalindira pang'ono, apeza madzi abweramonso. Mwana akamayamwa, mitsempha ya ku nsonga ya bere itumiza mthenga ku ubongo wa mai, ndipo ubongo utulutsa zinthu ziwiri zoyenda m'mwazi. Coyamba madokotala acicha prolactin, ndico cimene cilamula bere kupanga mkaka, ndipo cimaculuka makamaka usiku. Caciwiri acicha oxytocin, ndico cimene cifinya mkaka kuti utsike. Cimeneci cigwira bwino nchito mai akakhala ndi mtima wokhazikika, koma mantha, ululu ndi nkhawa zimacitsekereza kanthawi. Ndiponso bere likakhala lodzala nthawi yaitali licepetsa lokha nchito yace, koma likayamwidwa kufikira litafewa lifulumira kupanga mkaka wina.

Oweta ng'ombe adziwa bwino zimenezi, pakuti ng'ombe imene thole lace lafa, ikapanda kukamidwa, iuma msanga. Tsono mutu wa phunziro lonse ndi uwu: mkaka uculuka ndi kuyamwidwa. Kukula kwa bere sikuli kanthu. Mai wa mabere ang'ono apanga mkaka wokwanira monga mnzace, ndipo alipo ambiri amene analera mapasa ndi bere lokha. Mai woyamwitsa mwana mmodzi apanga pa tsiku mkaka wokwana ngati mamililita 750, ndiwo muyeso wa botolo lija la saladi.

2. Kodi mkaka wacepadi?

Amai ambiri odandaula ali nao mkaka wokwanira, angosokonezedwa ndi zizindikiro zonyenga. Masiku oyamba bere litulutsa mkaka wacikasu ndi wokhuthala. Ngwocepa ndithu, komatu kamimba ka khanda pa tsiku loyamba kangolandira ngati kasupuni kamodzi ka tiyi pa nthawi imodzi. Mkaka woyambawu uteteza khanda ku matenda, ndipo suyenera kutayidwa. Mkaka woyera ufika pa tsiku lacitatu kapena lacinai. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri mabere afewa naleka kudontha, cifukwa azolowera muyeso wa mwanayo, sikuti auma ai. Pali masiku enanso, monga mwana akakwana masabata 3, masabata 6 ndi miyezi 3, pamene afuna bere pafupi-pafupi usana wonse. Pamenepo ali kukula msanga, ndipo mwa kuyamwa kwaceko aitanitsa mkaka wa mawa. Nako kulira kuli ndi zifukwa zambiri, monga kutentha, thewera lonyowa, mpweya wa m'mimba, kapena kufuna kunyamulidwa.

Mboni zoona ndi ziwiri, mkodzo ndi sikelo. Khanda lopitirira masiku 5, ngati liri kukhuta, likodza ka 6 kapena kuposa pa usana ndi usiku, ndipo mkodzo wace ukhala woyera, wosanunkha kwambiri. Za sikelo, khanda licepa thupi pang'ono masiku oyamba, koma libwerera pa kulemera kwace kobadwa nako pofika masabata 2. Kuyambira pamenepo liyenera kuonjeza magalamu 500 kapena kuposa mwezi uli wonse m'miyezi 6 yoyamba. Ngati mzere wa pa khadi la ku sikelo uli kukwera, mtima wa mai ukhale pansi. Ngati waima kapena watsika, ndipo mkodzo ngwocepa ndi wofiira, pamenepo mkaka umene mwana alandira wacepadi, ndipo pafunika kufufuza cifukwa cace.

3. Zimene zicepetsa mkaka

Cacikulu ndico kupatsa khanda zinthu zina, monga madzi, tiyi, phala ndi mankhwala a zitsamba. Kamimba kakadzala ndi zimenezi mwana ayamwa pang'ono, bere lipanga pang'ono, mwana alira, ndipo amuonjezeranso phala. Potero mkaka unka nucepa. Ngakhale pa dzuwa loopsa la mwezi wa Okutobala khanda losakwana miyezi 6 silisowa madzi, pakuti pafupi-fupi magawo 9 mwa magawo 10 a mkaka ndi madzi okha-okha, oyera kuposa a m'citsime ciri conse.

Caciwiri ndico kuyamwitsa mwa patali-patali. Pa nyengo ya kupalira mai alawira kumunda, nasiya khanda ndi mlezi kufikira dzuwa litapendeka. Pofika usiku ali wotopa, nagona osayamwitsa. Masabata owerengeka otere akwanira kucepetsa mkaka.

Cacitatu ndico kugwira bere molakwika. Mwana woyamwa nsonga yokha sakoka mkaka wambiri, angopweteka mai ndi kung'amba nsongayo. Mai akamva ululu afulumira kumcotsa, ndipo bere litsala lodzala. Botolo nalo lizoloweretsa mwana kayamwidwe kena, kotero kuti ena akana bere. Ndiponso ndi lobvuta kutsuka, ndipo libweretsa matenda otsegula m'mimba.

Cacinai ndizo za m'thupi la mai, monga kutaya mwazi wambiri pobereka, kacidutswa ka nsengwa kotsalira m'cibaliro, kudwala, pakati pena, fodya, mowa, ndi mapiritsi ena olera. Mai wofuna kulera awauze anamwino kuti ali kuyamwitsa, ndipo iwo adzamsankhira njira yosasokoneza mkaka.

4. Njira ya kuuculukitsa

(a) Mai ayamwitse kawiri-kawiri, ka 8 kufikira ka 12 pa usana ndi usiku, osalekeza usiku. Asalindire kulira. Mwana akayamba kutembenuza mutu, kuyasama ndi kuyamwa zala, nthawi yakwana. Khanda logona kwambiri alidzutse pakapita maora 2 kapena 3.

(b) Amgwire bwino. Mimba ya mwana ikhudze mimba ya mai, mutu ndi thupi zikhale zolunjika, khosi losapotoka. Mai akhudze mlomo wa mwana ndi nsonga ya bere, alindire kuti ayasame kwambiri, ndipo pomwepo amkokere ku bere. Akagwira bwino, kamwa likhala loyasama, mlomo wa m'munsi upindikira kunja, cibwano cikhudza bere, ndipo mbali yakuda yozungulira nsonga ioneka kwambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Ayamwa mwa cifatse, kumeza kwace kumveka, ndipo mai samva ululu.

(c) Mwana atsirize bere limodzi kufikira atalisiya yekha, ndipo kenaka apatsidwe linalo. Mkaka wotsiriza ndiwo wa mafuta ambiri, umene ukhutitsa ndi kunenepetsa. Mwana akayamba kuodzera, mai afinye bere pang'ono ndi dzanja kuti mkaka uyendenso.

(d) Mai afungatire mwana pacifuwa, khungu ndi khungu, atapfunda citenje onse awiri. Kufunda kwa mwana ndi fungo lace zithandiza mkaka kutsika.

(e) Afinye mkaka ndi manja mwana atayamwa, ndiponso pamene asiyana naye. Asambe m'manja ndi sopo, aike cala cacikulu pamwamba ndi cala camkombaphala pansi, m'mphepete mwa mbali yakuda ija, akanikizire ca ku cifuwa, nafinye ndi kumasula mobwereza-bwereza. Mkakawo usungike pamthunzi m'kapu yoyera yobvundikira, umwedwe asanathe maora 4, ndipo mlezi amwetse mwana ndi kapu yomweyo pang'ono-pang'ono.

(f) Ngati khanda losakwana miyezi 6 linayamba kale phala kapena mkaka wa m'citini, zimenezi zicepetsedwe pang'ono-pang'ono pamene kuyamwa kuli kuonjezeka, ndipo anamwino aziyang'anira sikelo.

Mai wocita zimenezi mosalekeza kawiri-kawiri aona kusintha lisanathe sabata limodzi. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

5. Cakudya ca mai

Nchembere zimalangiza mai woyamwitsa kumwa thobwa ndi kudya nshawa ndi cinangwa caciwisi. Thobwa ndi nshawa ziri ndi ubwino wace, pakuti zipatsa mai mphamvu ndi kupha ludzu. Koma palibe cakudya cimene cingathe kudzaza bere limene siliri kuyamwidwa. Za cinangwa pafunika kucenjera, cifukwa cowawa ciri ndi poizoni ndipo sicidyedwa caciwisi. Mowa ndi kacasu sizionjeza mkaka; zicedwetsa kutsika kwace, ndipo zilowa mumkaka momwemo.

Mai adye nsima ndi ndiwo za mitundu-mitundu, monga nyemba, kapenta, mazira, nkhwani wotendera, bonongwe ndi kholowa, pamodzi ndi zipatso za pa nyengo yace. Aonjezeko tizakudya tiwiri pa tsiku pakati pa zakudya zazikulu, ndipo amwe madzi nthawi iri yonse akamva ludzu. Ngakhale pa miyezi ya njala, mai woonda apangabe mkaka wabwino, koma thupi lace ndilo limene lilipira. Cifukwa cace cakudya cikacepa pakhomo, nzeru ndiyo kudyetsa mai, kuti iye adyetse khanda.

6. Gawo la atate ndi agogo

Mai sangathe kuyamwitsa ka 10 pa tsiku ngati munda, mtondo, nkhuni ndi citsime zonse ziri kumdikira iye yekha. Mutu umodzi susenza denga. Mwamuna wanzeru atenga khasu la mkazi wace masabata oyamba, atunga madzi ndi njinga, ndipo ndalama imene akadagula nayo citini agula nayo mazira ndi nyemba. Mai akayamba kupitanso kumunda, khanda lipite naye, mlezi akhale nalo pamthunzi pafupi.

Agogo ndi apongozi ali ndi mphamvu yaikulu pa lilime lao. Mau akuti, "Mkaka wako ngwamadzi," alefula mtsikana wa mwana woyamba kotero kuti mkaka ucedwa kutsika; koma mau akuti, "Khala pansi, mwanawe, uyamwitse, nsima ndiphika ine," aposa mankhwala. Akhozanso kuthandiza kuthetsa zikhulupiriro zina zolakwika. Mkaka susasa m'bere ngakhale mai atacokapo tsiku lathunthu, ndipo mkaka wa mai amene waima suli poizoni, ungocepa cabe.

7. Pamene pafunika cipatala

Mwana atengeredwe msanga kucipatala ngati akana kuyamwa, ali wofooka, watentha thupi, liwombo lace lalowa, kapena maso ace asanduka acikasu. Liwombo lolowa lisonyeza kuti madzi atha m'thupi, ndipo mankhwala opaka pamutu sangathe kuwabweza. Naye mai apite ngati bere latupa, lafiira ndi kumpatsa malungo, kapena ngati kutaya mwazi sikuleka. Pa bere lotupa kuyamwitsa kusalekeke, pakuti kuleka kuonjeza kutupako.

Mai amene analeka kuyamwitsa cifukwa ca kudwala angathe kubweza mkaka mwa kuika mwana ku bere kawiri-kawiri, ngakhale nchito imeneyi itenga masabata. Mai amene ali ndi kacirombo ka HIV amwe ma ARV tsiku liri lonse osadumpha, ayamwitse bere lokha miyezi 6, natsate malangizo a kucipatala, pakuti kusakaniza bere ndi zakudya zina m'miyezi imeneyi kuonjeza ngozi ya kupatsira mwana. Alipo amai owerengeka amene mkaka wao sukwanira ngakhale atacita zonse. Amenewo asanyozedwe ndipo asacite manyazi. Anamwino adzawaonetsa mkaka woyenera kuonjezera ndi kakonzedwe kace ka ukhondo, pakuti cofunika koposa ndico kuti mwana akhute.

M'caka ca 2001 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linakhazikitsa langizo lakuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, ndipo pambuyo pace ayambe phala ndi zakudya zina akuyamwabe kufikira zaka 2 kapena kuposa. Kufufuza kwa zaumoyo kwa m'caka ca 2018 kunapeza kuti m'Zambia makanda 7 mwa 10 osakwana miyezi 6 anali kuyamwa bere lokha, ndipo zimenezi zisonyeza kuti cinthuci ncotheka. Caka ciri conse masiku a 1 kufikira 7 Ogasiti ndi sabata lokumbukira kuyamwitsa, nthawi yabwino yakuti amai a m'mudzi akhale pansi ndi kukambirana mafunso awa.

Mafunso

1. Ncifukwa ninji phala lopatsidwa msanga licepetsa mkaka?
2. Ndi mboni ziwiri ziti zimene zisonyeza kuti mwana ali kukhuta?
3. Zizindikiro zinai za mwana wogwira bwino bere ndi zotani?
4. Pa nyengo ya kupalira, ndi nchito ziti zimene a pabanja angalandire mai woyamwitsa?