Za Kusunga Cakudya ca Ng'ombe

Inu eni mbumba a kwa Mavwere, tamverani. M'mwezi wa Okutobala udzu wauma, moto wapita m'dambo, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zanu zionda, zina zifa mvula isanagwe. Koma cakudya cao munacitentha nokha m'munda.

Cifukwa cace pokumba mtedza musatenthe masangwi. Muwaumitse pamthunzi kuti masamba asayoyoke, ndi kuwaika pasanja yofolera bwino, pakuti apatsa mphamvu koposa mapesi. Mapesiwo muwadule tizidutswa ndi kuwasakaniza ndi masangwi. Gaga wa kucigayo ndi kamcere muzipatsa makamaka ng'ombe yoyamwitsa ndi yokoka ngolo. Koma coola kapena ca cuku mutaye, pakuti cidwalitsa coweta.

Mukatero ng'ombe idzafika dzinja iri yamphamvu, ndipo ndowe zace zidzabwerera kumunda kwanu.