Lamba wa misomali m'khosi mwa galu: mafunso ndi mayankho

Kodi lamba ameneyu ndi wotani?

Alipo wa mitundu iwiri, ndipo anthu amakonda kusokoneza. Wina misomali yake imaloza kunja, ntchito yake ndi kuteteza galu. Wina ndi unyolo wa tizitsulo topindika toloza mkati, timene timatsina khosi mwini galu akakoka chingwe. Ameneyu ndi wolangira.

Wa misomali yoloza kunja anachokera kuti?

Kwa abusa a nkhosa a ku Ulaya ndi ku Asia, kumene kuli mimbulu. Mmbulu ukamalimbana ndi galu umathamangira pakhosi. Ukalumapo n'kukumana ndi chitsulo chakuthwa, umatula, galu n'kupeza mpata wobwezera. Nzeruyi ndi yakale. Mlembi wa ku Roma, Varro, cha m'ma 37 BC anafotokoza za lamba wachikopa wokhomedwa misomali, woyalidwa kachikopa kofewa mkati kuti mitu ya misomaliyo isapweteke galu. Mpaka lero abusa a ku Spain amawaveka agalu awo lamba wotere, dzina lake carlanca. Ku Turkey amavala ndi agalu akuluakulu a mtundu wa Kangal, ndipo m'midzi ya kumapiri a Himalaya ku India amawaveka chifukwa cha anyalugwe amene amagwira agalu usiku. Kwa galu wogona kubusa, lamba ameneyu amapulumutsadi moyo.

Ndiye vuto lake lili pati?

Ndi wolemera, ndipo akachita dzimbiri amasupula khungu. Mukamuvula galu amene wakhala naye miyezi osavulidwa, mupeza ubweya wathothoka, pansi pake nkhupakupa zamanga mudzi. Misomali imakodwa pa waya wa mpanda, galu n'kudzipotokola pofuna kuthawa. Nanga mwana wothamangira kukakumbatira galu wake? Amabwerako akutuluka magazi.

Kodi angathandize kumene kuli afisi?

Pang'ono chabe. Fisi sasankha khosi; amaluma mimba, miyendo, paliponse pamene wagwira. Mbuzi ndi galu yemwe zimatetezeka ndi khola lolimba.

Nanga wotsina khosi uja, si wabwino pophunzitsa galu wamakani?

Amene amamugwiritsa ntchito amati galu amasiya kukoka chingwe tsiku lomwelo. N'zoona, amasiya, koma chifukwa cha ululu. Khosi ndi malo osalimba: muli kholingo, mitsempha ya magazi ndi minyewa. Kukoka mwamphamvu kumaboola khungu ndipo kutha kuvulaza kholingo. Choipitsitsa n'chakuti galu sadziwa chifukwa chimene akupwetekedwera. Akatsinidwa nthawi iliyonse pamene waona galu mnzake kapena mwana, amayamba kuwaona ngati gwero la ululuwo, ukali wake n'kuwonjezeka. Dziko la Germany linaletsa kuphunzitsira agalu lamba wotere kuyambira pa 1 January 2022, ndipo lamuloli linakhudza ngakhale agalu a apolisi. Chaka chomwecho chigawo cha Queensland ku Australia chinamuletsanso.

Tsono galu wa pakhomo avale chiyani?

Lamba wamba wachikopa kapena wansalu, womasuka moti zala ziwiri zizilowa pakati pa lambayo ndi khosi. Ngati amakoka kwambiri, mumange lamba wodutsa pachifuwa. Akakoka, imani; chingwe chikalefuka, muyamikireni ndi kumuponyera kachakudya, kenako pitirizani ulendo. Zimafuna kuleza mtima, koma galu amamva. Ngati galu wanu salondera ziweto pakati pa zilombo, musamuveke misomali, yakunja kapena yamkati.