Kakonzedwe Koyenera ka Soya ndi Zoona Zake za Ma-isoflavone

Pulogalamu ya lero ikufotokozera omvera kakonzedwe koyenera ka soya, ndiponso zoona zake za zinthu zopezeka mu mbewuyi zotchedwa ma-isoflavone, zimene zachititsa kuti mabanja ena aziopa chakudya chimene chikanawathandiza kwambiri.

Chomera cha soya chimapanga ma-isoflavone pofuna kudziteteza ku matenda komanso kuitana tizilombo ta m'nthaka timene timamanga timatuza pa mizu n'kuonjezera chonde m'munda. Odziwika kwambiri ndi atatu, genistein, daidzein ndi glycitein, ndipo kapangidwe kawo kamafanana ndi estrogen, yomwe ndi homoni yoyendetsa msambo ndi uchembere. Mantha a anthu ali ndi pomwe anayambira, chifukwa m'zaka za m'ma 1940 nkhosa za ku Australia zimene zinkadya msipu wa clover wodzaza ndi zinthu za mtunduwu zinasiya kuswana bwino. Koma munthu sadya soya yekhayekha tsiku lonse, ndipo m'thupi mwake ma-isoflavone ali ngati kiyi wolowa mu loko koma wosazungulira mpaka kumapeto, moti mphamvu yawo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya estrogen weniweni.

Mphekesera yakuti soya amachepetsa mphamvu za abambo ilibe umboni, popeza mu 2021 akatswiri ataunika pamodzi zotsatira za kafukufuku 41 sanapeze kuti soya amatsitsa testosterone, yomwe ndi homoni ya amuna. Kwa amayi, kafukufuku wa ku Shanghai wofalitsidwa mu 2009, amene anatsatira amayi oposa 5,000 omwe anadwalapo khansa ya m'mawere, anapeza kuti mwa amene ankadya soya wambiri imfa ndi kubwereranso kwa matendawa zinali zochepa. Phinduli mwina silifanana mwa anthu onse, chifukwa ena okha ndi amene ali ndi mabakiteriya a m'matumbo osandutsa daidzein kukhala equol, chinthu chogwira ntchito mwamphamvu kuposa daidzein.

Choyenera kuopedwa kwenikweni ndi soya wosapsa, chifukwa muli zinthu zolepheretsa trypsin, amene amagaya mapuloteni m'matumbo, kugwira ntchito yake, ndipo mwana wodya phala la ufa wotere amatupidwa kapena kutsegula m'mimba osapindula ndi chakudyacho. Moto umawononga zinthu zimenezi koma umasiya ma-isoflavone ambiri.

Wokonza ayambe wapeta ndi kusankha soya, kuchotsa timiyala ndi njere zowola, kenako athire njerezo zili zouma pang'onopang'ono m'madzi amene akubwata kale, kuti madziwo asaleke kubwata, ndipo aziphike kwa mphindi pafupifupi 30. Kuthira m'madzi obwata n'kofunika chifukwa njere zosweka zikakhudzana ndi madzi ozizira zimatulutsa fungo lachiwisi lija limene limachititsa ana kukana phala, pamene madzi otentha amaletsa fungolo lisanayambe. Akaphula, atsanule madziwo, atikite njerezo m'manja m'madzi ozizira mpaka makoko atayandama pamwamba, ayanike pamphasa yoyera mpaka njere izithetheka ikalumidwa, ndipo akatero apite nazo kuchigayo. Njira yokazinga nayonso ndi yabwino, bola moto ukhale wochepa ndipo njere zipse mpaka mkati, osati kupserera kunja kokha. Pokonza ufa wa phala, muyeso umodzi wa soya usakanizidwe ndi miyeso inayi ya chimanga, monga mmene zimakhalira ndi Likuni Phala, ndipo phalalo liphikidwe mpaka litapsa bwino.

Mwana wosakwana miyezi 6 aziyamwa bere lokha, ndipo mkaka wa soya wofinyidwa pakhomo usalowe m'malo mwa bere. Amene amamwa mankhwala a chithokomiro otchedwa levothyroxine asamwere pamodzi ndi chakudya cha soya, chifukwa chimachepetsa kulowa kwa mankhwalawo m'magazi, ndipo pofuna kuteteza chithokomirocho banja lililonse lizigwiritsa ntchito mchere wa ayodini. Mapiritsi a ma-isoflavone ndi nkhani ina, pakuti amapereka mlingo waukulu nthawi imodzi, choncho mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena amene anadwalapo khansa ya m'mawere asawamwe asanaonane ndi dokotala.