Mafuta odzola: dziwani zimene zili m'botolo musanagule

Mwezi wa Juni ukafika ku Mayani, khungu ndilo limayamba kudandaula. Mphepo yozizira ya kumapiri a Dedza imakhala youma, ndipo imachotsa chinyezi pakhungu. Miyendo ya ana imatuwa mbuu, milomo imasweka, ndipo olima mbatatesi kudimba amatuluka zikang'a. Mng'alu uliwonse ndi khomo la tizilombo toyambitsa matenda. Choncho kudzola si kutchena chabe, ndi kuteteza thupi.

Pa mabotolo ambiri pamalembedwa zimene anasakaniza, kuyambira chochuluka kwambiri. Mukaona mawu akuti aqua poyamba, dziwani kuti ambiri mwa mafutawo ndi madzi. Zinazo zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba limakoka madzi ndi kuwasunga pakhungu. Chodziwika kwambiri ndi glycerine. Musamudzole yekha pakhungu louma, chifukwa amanata ndipo mpweya ukauma sapeza chinyezi chokwanira choti akoke. Msakanizeni ndi madzi pang'ono m'manja. Urea nayenso ali m'gululi, ndipo amafewetsa chikhungu cholimba cha ku zidendene. Koma uyu ndi woyengedwa mwapadera. Feteleza wa urea ndi wa chimanga, osati wa mapazi.

Gulu lachiwiri limafewetsa ndi kusalaza khungu lokhakhala. Muno muli shea butter wochokera ku mtedza wa mtengo wa kumadzulo kwa Africa, cocoa butter, mafuta a mpendadzuwa ndi a njere za malambe. Mafuta a nsatsi amene agogo athu ankadzola alinso omwemu, ndipo masiku ano amawalemba kuti castor oil. Kumbukirani kuti njere za nsatsi zili ndi poizoni, ana asaziseweretse.

Gulu lachitatu limatsekera chinyezi kuti chisathawe. Mfumu yake ndi petroleum jelly, amene Robert Chesebrough wa ku America anamulembetsa m'chaka cha 1872 ndi kumagulitsa pa dzina la Vaseline. Iyeyu sawonjezera madzi, amangosunga amene alipo. Lanolin, wochokera ku ubweya wa nkhosa, amagwira ntchito yomweyo, ngakhale ena amawayabwa.

Nanga mudzole bwanji? Sambani madzi ofunda, osati otentha kwambiri, ndipo musasambire sopo waufa wochapira zovala. Dzipukuteni pang'ono, n'kudzola khungu likadali lonyowa. Yambani ndi glycerine wosakaniza ndi madzi, kenako pakani petroleum jelly pamwamba. Wa zikang'a achite izi usiku ndi kuvala masokosi. Kwa makanda sankhani mafuta opanda fungo, pakuti zonunkhiritsa, zimene amazilemba kuti parfum, zimayambitsa totupa mwa ana ena.

Pali mafuta ena amene amalonjeza kuyeretsa khungu. Mukaona hydroquinone, mercury, clobetasol kapena betamethasone, bwezani botololo pa shelefu. Mercury amawononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba. Clobetasol ndi betamethasone ndi mankhwala oyenera kulembedwa ndi dokotala. Mukawadzola nthawi yaitali khungu limapyapyala, limatuluka mizere, ndipo bala limachedwa kupola. Botolo losalembedwa zimene zili m'kati, ngakhale likhale lotchipa bwanji pa tsiku la msika, musagule.

Dziwaninso kuti mafuta wamba sateteza ku dzuwa. Abale athu achialubino amafunika mafuta olembedwa SPF 30 kapena kuposerapo, chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali, ngakhale kunja kukuzizira. Funsani za mafutawa kuchipatala.

Ngati mng'alu ukutuluka mafinya, kuyabwa kukukula usiku ndipo apabanja onse akukanda, kapena muli ndi matenda a shuga ndipo phazi lachita bala, mafuta odzola sangakuchizeni. Pitani kuchipatala msanga. Sabata ino, tengani mabotolo amene ali m'nyumba mwanu, muwerenge pamodzi ndi ana anu zimene zalembedwapo.