Kusamala injini ya boti

Injini ya boti imamangiriridwa kumbuyo kwa boti, ndipo imaliyendetsa pozunguza pulopela m'madzi. Ku Dowa ndi ku Ntchisi kulibe nyanja, komabe usipa wa pamsika wa Mponela umachokera kumadoko a ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene asodzi amadalira injini zotere, makamaka za Yamaha. Munthu wa kumapiri akatsikira kunyanja kukagwira ntchito ya usodzi, ayenera kuidziwa injiniyi.

Injini zambiri za asodzi zimayendera petulo wosakaniza ndi oyilo. Muyezo wodziwika ndi magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo. Choncho malita 20 a petulo amafuna mamililita 400 a oyilo. Oyilo akachepa, pisitoni imatentha n'kugwira. Akachuluka, injini imafuka utsi ndipo pulagi imada. Wozolowera pampu ya kudimba asamale apa, chifukwa m'mapampu ambiri oyilo ali ndi malo akeake.

Chofunika koposa ndi madzi. Injiniyi imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo. Kumunsi kwake kuli timabowo tolowera madzi, ndipo mkati muli kagudumu ka mphira ka mapiko, kotchedwa impela, kamene kamakankhira madziwo m'mwamba. Akazungulira m'injini, ena amatuluka kumbuyo ngati kamzere kopyapyala. Woyendetsa aziyang'ana kamzereko akangoliza injini. Kakapanda kuoneka, azimitse pomwepo, achotse mchenga, udzu kapena pulasitiki pa timabowo tija. Kuliza injini pamtunda, ngakhale kwa kanthawi kochepa, kumapsereza impela. Nkhani imeneyi si yoinyozera: injini ikazima pakati pa nyanja nthawi ya mwera, miyoyo ya anthu imakhala pangozi.

Pulagi yabwino imakhala ndi nsonga youma, yofiirira. Yakuda ndi mwaye itsukidwe kapena isinthidwe, ndipo ina yapadera izikhala m'boti pamodzi ndi sipanala yake. Sefa ya petulo itsukidwe ikagwira zinyalala kapena madzi.

Ulusi wa ukonde ukakulungika kuseri kwa pulopela umadula mphira yotchinga madzi, madziwo n'kulowa m'magiya. Chizindikiro chake ndi oyilo wa magiya woyera ngati mkaka. Mwini injini atha kusintha oyiloyo, koma kuika mphira yatsopano ndi ntchito ya makaniko.