Ng'ombe ikapoloza, chenjerani ndi manja anu

Alimi anzanga, sabata ino ndafuna tikambirane za matenda ena omwe amachoka ku ziweto n'kulowa mwa munthu. Achipatala amawatcha brucellosis. Ndikulemba izi chifukwa ineyo anandigwirapo, ndipo ndinataya miyezi itatu ndikumwa mankhwala a malungo chikhalirecho sanali malungo.

Ng'ombe yanga ina inapoloza itatsala miyezi iwiri kuti ibereke. Zotsalira zinakanirira m'kati, ndiye ndinazikoka ndi manja osavala kanthu monga ambirife timachitira. Pachala panali kabala ka chikwanje. Patapita masabata atatu thupi linayamba kutentha madzulo, usiku thukuta lonyowetsa zofunda, msana ndi mawondo kuphwanya. Ndinkapeza bwino masiku angapo, kenaka n'kuyambiranso. Kubwerezabwereza kumeneku ndiko khalidwe la matendawa.

Tizilombo take timatchedwa Brucella, potsata dzina la David Bruce, dokotala wa asilikali a ku Britain amene anatipeza pachilumba cha Malta m'chaka cha 1887. Bruce yemweyu anadzagwiranso ntchito kuno ku Nyasaland kuyambira 1911, kufufuza za kaodzera. Ku Malta kuja, mu 1905 dokotala wina, Themistocles Zammit, anatulukira kuti anthu ankadwala chifukwa chomwa mkaka wa mbuzi wosaphitsa.

Tizilomboti timakhala mu ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba ngakhalenso agalu. Chovuta n'chakuti chiweto chimaoneka chathanzi, chikudya bwino. Chizindikiro chachikulu ndi kupoloza bere litakula, zotsalira kukanirira, kapena ana kubadwa ofooka. Ng'ombe zina zimatupa m'mawondo. Kawirikawiri ng'ombe imapoloza kamodzi kokha, chaka chotsatira n'kubereka bwino, mwini wake n'kuyesa kuti yachira. Ayi ndithu, tizilombo timakhalabe momwemo ndipo timatuluka mumkaka ndi m'madzi a pobereka.

Njira zolowera mwa munthu zazikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi mkaka wosaphitsa. Apa ndikunena za anyamata oweta amene amakamira mkaka m'kamwa kubusa, komanso chambiko chopangidwa ndi mkaka wauwisi. Ena amati mkaka ukasasa ndiye kuti tizilombo tafa. Musadalire zimenezo. Phitsani kaye mkakawo mpaka ufufume, uzizire, kenaka muusasitse. Njira yachiwiri ndi kugwira mwana wopolozedwa, zotsalira, magazi ndi zam'kati. Tizilombo timalowera pabala, m'maso ndi m'kamwa, mwinanso popuma fumbi la m'khola. Choncho amene ali pachiopsezo kwambiri ndi ife obereketsa ziweto, okama, osenda zikopa, ogulitsa nyama pamsika ndi alangizi a ziweto. Nyama yopsa bwino ilibe vuto. Kupatsirana pakati pa anthu sikuchitikachitika.

Chinthu china chimene sindigwirizana nacho ndi kuponyera agalu mwana wopolozedwa. Galu amakoka zimenezi mpaka pakhonde pamene ana akusewera, kapena kudambo kumene ziweto za mudzi wonse zimadya. Kumbani dzenje lakuya mukwirire, kapena tenthani pamodzi ndi udzu umene unanyowa. Ngati mulibe magolovesi, valani majumbo awiri m'manja, mukatha musambe ndi sopo. Ng'ombeyo ikhale payokha kufikira italeka kuchucha, ndipo mlangizi wa ziweto adziwe msanga. Mayi woyembekezera asayandikire ntchito imeneyi chifukwa matendawa angathe kuchotsa pakati.

Pogula ng'ombe, funsani ngati inapolozapo. Mtengo wotsika kwambiri pa ng'ombe yooneka bwino uzikukayikitsani. Katemera wa misoti yaing'ono alipo, wotchedwa S19, koma wa anthu palibe.

Matendawa amachizika, kungoti mankhwala ake ndi a nthawi yaitali: mitundu iwiri pamodzi, monga doxycycline ndi rifampicin, kwa masabata asanu ndi limodzi. Wosiyira panjira amayambiranso kudwala, ndipo akalekerera amagwira msana, chiuno, ziwalo zobisika za abambo, nthawi zina mtima. Musagule makapisozi pagolosale kuti mudzichize nokha.

Ine chinandipulumutsa n'chakuti paulendo wachinayi dokotala atayeza magazi osapeza malungo, anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Nditatchula za ng'ombe yopoloza ija anatumiza magazi kukayezedwa mwa njira ina. Inu musadikire kufunsidwa. Mukafika kuchipatala ndi thupi lotentha mobwerezabwereza, nenani nokha kuti mumaweta, mumakama kapena mumapha nyama, ndipo tchulani mwezi umene chiweto chanu chinapoloza.