Kuyeza mayonezi popanda sikelo

Funso: Ndimaphikira maukwati ku Mzimba boma ndi ku Embangweni. Buku langa likuti saladi ya kabichi ifuna magalamu 500 a mayonezi, koma sikelo ndilibe, ndili ndi kapu ndi masupuni basi. Ndiyeze bwanji? (Mayi wa ku Mzimba)

Yankho: Mayi, mayonezi ndi mafuta ndithu osakaniza ndi mazira ndi viniga, ndipo mafuta amapepuka kuposa madzi. N'chifukwa chake kapu ya mamililita 250 imalowa magalamu pafupifupi 230, osati 250. Supuni yaikulu yoyezera, ya mamililita 15, ndi magalamu 14. Choncho magalamu 500 ndi makapu awiri ndi masupuni atatu.

Pothira, kanikizani ndi supuni kuti musatsale mphako m'kati, kenako salazani pamwamba ndi mpeni. Botolo lolembedwa 750 g limatulutsa makapu atatu ndi pang'ono.

Kabichi akakhala wongothyola kumene amatulutsa madzi ambiri. Muwazeni mchere, mumufinye, ndipo mayonezi muthire chakudya chitatsala pang'ono kugawidwa, makamaka mu Okutobala kukatentha.